Mmene Mungathandizire Ana Kuchitira Ena Chifundo pa Khirisimasi Popanda Kuwalanda Ntchitoyo

Sukulu zikatsekera kumayambiriro kwa Disembala, ana a muno mu Chipata amakhala milungu ingapo akungozungulira pakhomo. Makolo ali kumunda kupalira ndi kuthira feteleza, ena ali pamsika wa Kapata kapena ku Down Shops kusaka ya Khirisimasi. Nthawi yomweyi mipingo ndi mabanja ena amakonza zopereka kwa osowa, ndipo kawirikawiri zimayenda motere: akulu agula, akulu asankha wolandira, ana angosenza matumba ndi kuimba nyimbo. Sizoipa ayi, koma pamenepo mwana sanapatse kanthu. Wangotumidwa.

Malangizo awa ndalembera makolo, azakhali, aphunzitsi a Sande sukulu ndi aliyense wokhala ndi kagulu ka ana, amene akufuna kuti ntchitoyi ikhale ya anawo. Mbali ya ife akulu ndi yochepa koma yofunika: kuwateteza, kusunga ulemu wa wolandira, ndi kudziletsa kuti tisalowerere pena paliponse.

Choyamba: afunseni zimene aona

Khalani nawo pansi sabata yomwe atsekera, kapena kumapeto kwa Novembala ngati mungathe. Musayambe ndi mawu akuti "tikufuna kuthandiza osauka", chifukwa mwana akamva choncho amaganiza za anthu akutali amene sawadziwa. Funsani zapafupi. "Pa anthu amene mumakumana nawo popita kusukulu kapena kumjigo, ndani amene mwaona kuti zikumuvuta? Mwaona chiyani?" Mukafunsa, khalani chete. Ana amayamba ndi kuseka ndi kuyang'anana, koma mmodzi akatsegula pakamwa ena onse amatsatira.

Apa ndi pamene amatidabwitsa, ndipo n'chifukwa chake sindifuna kuti mudumphe sitepe imeneyi. Mwana amayenda m'tinjira timene ife sitipitamo, ndipo anthu sabisa mavuto awo pamaso pa mwana monga amabisira pamaso pa mkulu mnzawo. Mtsikana wina wa giledi 4 anatchula mnzake amene amajomba kusukulu mvula ikagwa masiku otsatizana, chifukwa yunifomu ali nayo imodzi ndipo siuma. Mnyamata wina anatchula ambuya amene amapita kumjigo kangapo patsiku ndi kachigubu kakang'ono, poti ndowa sangathenso kuisenza. Ife timawaona ambuyawo tsiku lililonse n'kuwapatsa moni, koma kachigubuko sitinakaganizirepo. Ena amatchula mlonda wa pasitolo amene amagona panja mvula ili mkati, kapena bambo wa njinga ya kabaza amene anathyoka mwendo.

Nthawi zina dzina limene atchule likuwawani. Angatchule banja limene munayambana nalo za malire a munda, kapena mayi amene anthu amamunena. Musathamangire kukana. Funsani kuti, "Chifukwa chiyani wasankha amenewa?" ndipo mverani yankho mpaka kumapeto. Pokhapokha ngati pakhomopo pali choopsa kwa ana, monga munthu wandewu kapena pogulitsira kachasu, lolani kuti kusankha kwawo kuime.

Pomaliza asankhe khomo limodzi, akachulukitsa awiri. Ana amafuna kuthandiza mudzi wonse, koma mukagawa pang'onopang'ono m'makomo khumi, palibe amene angapeze chomufikitsa ndi sabata yomwe.

Chachiwiri: inu akulu fufuzani mwakachetechete

Iyi ndi ntchito yanu, ana asaigwire. Kumudzi yambirani kwa anyakwawa. Auzeni kuti ana a pakhomo panu kapena a mpingo wanu akufuna kukaona uje, ndipo mumve maganizo awo. M'makomboni monga Mchini, Navutika kapena Magazine, funsani akulu a mpingo wa m'deralo, amayi a Chigwirizano, a Dorika, kapena atsogoleri a mphakati. Alipo ndi a CWAC, komiti ya m'dera yoona za anthu ovutika, amene amathandiza boma kuzindikira mabanja olandira ndalama zothandizira osowa za Social Cash Transfer. Anthu amenewa amadziwa khomo limene likulandira kale thandizo ndi limene laiwalika, ndiponso amadziwa chimene chikusowa kwenikweni. Mwina inu mukuganiza ufa pamene vuto lalikulu ndi denga lodontha.

Kenaka mkulu mmodzi apite yekha kwa mwini khomo kukapempha chilolezo. Mawu ake asakhale aatali: "Ambuya, ana athu akufuna kudzakuchezerani nyengo ino ya Khirisimasi. Ali ndi kanthu kakang'ono kamene akonza okha. Kodi tingabwere nawo liti?" Akakana, zithere pompo, ndipo anawo muwafotokozere kuti munthu ali ndi ufulu wokana.

Ena amati kuuziratu kumachotsa kukoma kwa mphatso. Ine sindigwirizana nazo. Kwathu kuno chakudya chongofika mwadzidzidzi kuchokera kwa anthu amene simuyenderana nawo chimabutsa mafunso, ndipo nkhalamba ina ikhoza kuchilandira mwaulemu koma osachidya chifukwa cha mantha. Komanso munthu amafuna kusesa pabwalo ndi kuvala chitenje chabwino alendo asanafike. Kumupeza ali m'nsanza ndi gulu la ana n'kumuchititsa manyazi.

Pali nkhani ina imene tiyenera kuikamba poyera. Okalamba ambiri okhala okha amanenedwa ufiti, ndipo ana athu amamva zimenezi kwa ife tomwe. Mwana wina akanena kuti akuopa, musamuseke ndipo musamukakamize. Muuzeni zoona, kuti ukalamba, kuiwalaiwala ndi kulankhula wekha si ufiti, ndipo kuti inu mudzakhala pambali pake. Ngati makolo a mwana wina sakufuna kuti apite, athandize posonkha ndi pogula, kumeneko apite ena.

Chachitatu: chopereka chichoke m'manja mwa ana

Mukangotulutsa ndalama m'thumba mwanu n'kuwapatsa, mwabwerera komwe tinayambira. Pezani chitini, boolani pachivundikiro, ndipo anawo asankhe msungichuma ndi mlembi pakati pawo. Mlembi akhale ndi kope lolembamo tsiku, dzina ndi zimene zalowa. Chitinicho chizigona kwa mkulu, koma chizitsegulidwa pamaso pa onse. Ndalama zachitsulo za K1, K2 ndi K5 n'zokwanira kuyambira.

Nanga azipeza kuti? Disembala ndi mwezi wa mango, ndipo ngati pakhomo pali mtengo, apatseni dengu limodzi kapena awiri akagulitse pafupi ndi nyumba, mkulu akuwaona. Okulirapo angakazinge nshawa kapena kuthandiza amayi kuphika vitumbuwa, phindu lake n'kulowa m'chitini. Mukhozanso kuwapatsa kaganyu kopepuka pakhomo, kopitirira ntchito zawo za masiku onse, monga kusesa khola la nkhuku kapena kutsuka njinga, n'kuwalipira. Musawatume kukapopera mankhwala m'thonje, kugwira fodya, kapena kusenza katundu wolemera. Musawalole kuyenda khomo ndi khomo kapena kuima m'mbali mwa Great East Road kupempha ndalama, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani.

Njira imene imawafika pamtima kwambiri ndi kudzimana. Muuzeni mwana ndalama imene mwakonza kumugulira zovala kapena zakumwa za Khirisimasi, ndipo mufunseni ngati akufuna kupatulapo kenakake. Asankhe yekha kuchuluka kwake. Akapatula zochepa musakwinye nkhope, ndipo akapatula zambiri kuposa mmene mumayembekezera musamubweze ndi mawu akuti "iwe, udzalira". Mufunseni kamodzi kokha ngati watsimikiza, basi. Mwana wochokera pakhomo popanda ndalama abweretse meda ya chimanga, nyemba zapambale, mazira awiri kapena mtolo wa nkhuni, ndipo mlembi alembe zimenezi m'kope mofanana ndi ndalama. Onetsetsani kuti pasakhale kuyerekezana kuti wapereka zambiri ndani.

Inu akulu mukafuna kuwonjezera, dikirani ana amalize, ndipo zanu zisapose zawo. Njira yabwino ndi kulonjeza kuti pa kwacha iliyonse imene apeze, inu muikapo ina.

Chachinayi: kusankha zogula

Musanapite kumsika, khalani pansi ndi kope ndipo muwerengere limodzi. Mitengo imasintha msanga nyengo ino, choncho tumani awiri okulirapo akafunse pakantemba mitengo ya ufa, saladi, mchere, shuga, sopo ndi machesi, abwere nayo yolemba.

Ana adzafuna kugula mabisiketi, maswiti ndi zakumwa, chifukwa kwa iwo Khirisimasi ndi imeneyo. Musawakanize zonse. Munthu wosauka nayenso amalakalaka chokoma, ndipo mpunga pang'ono, shuga ndi masamba a tiyi zimamuuza kuti akumuganizira ngati munthu wa pachikondwerero, osati wodwala. Koma afunseni funso ili: "Khirisimasi ikatha, ambuya adzadya chiyani mu Januwale?" Afotokozereni kuti njala kuno imaluma kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha koma chimanga cha m'munda chisanakhwime. Okulirapo akukumbukira chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse kumapeto kwa Febuluwale chaka chimenecho, ndipo akudziwa mmene mapamela anakhalira chakudya cha mabanja ambiri. Akamvetsa, iwo okha amayamba kuchotsa maswiti ena pamndandanda.

Gawo lalikulu la ndalama lipite ku zinthu zokhalitsa: ufa, nyemba, kapenta, soya, nshawa zosinja, mchere, saladi ndi sopo. Ngati ndalama sizikwana thumba la ufa la makilogalamu 25, gulani chimanga cha m'mameda n'kupita nacho kuchigayo, ana aone okha kusiyana kwa mtengo. Ngati denga likudontha, pepala lapulasitiki lofolerera lingapose zonsezi. Ngati wolandira ndi mwana wa sukulu, kumbukirani kuti ngakhale boma linachotsa malipiro a sukulu kuyambira mu Januwale 2022, makope, zolembera, yunifomu ndi nsapato zikadali pamutu pa makolo, ndipo zimenezi ndi zimene zimasunga ana ena pakhomo temu ikayamba.

Za zovala ndinenepo molimba. Chovala chimene mwana wanu sangavale popita kutchalitchi chifukwa chang'ambika kapena chathimbirira, si mphatso. Mwana asankhe chovala chimene chikadali chabwino, achichape, achisite, ndipo batani likasowa alisokerere yekha. Ngati mukugula pasalaula, dziwiranitu msinkhu wa wovalayo. Mankhwala otsala m'nyumba musapereke, ngakhale a mutu. Yang'anani tsiku lothera ntchito pa paketi iliyonse, ndipo muwaphunzitse ana pomwe limalembedwa. Chakudya chophikaphika chisiyeni, chifukwa nyengo ya mvula ndi nyengo ya kolera. Tonse tikukumbukira kuti mu 2024 matendawa anachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka mu Febuluwale. Zouma ndi zosatsegula zimachotsanso kukayikira kuja ndatchula.

Kumsika apite ndi ana atatu kapena anayi. Iwo ndiwo afunse mtengo, anenerere, alipire ndi kuwerenga chenji. Inu imani kumbuyo.

Palinso mphatso yosagula, ndipo kwa okalamba ambiri ndiyo yaikulu. Ana asanu ndi makasu awo amatha kupalira kamunda ka ambuya m'mawa umodzi. Angatunge madzi kudzaza zigubu zonse, kuwaza nkhuni n'kuziika pouma, kulambula udzu wozungulira nyumba, ndi kukumba kangalande kopatutsa madzi a mvula kuti asamagumule khoma. Kukwera padenga ndi kwa akulu okha.

Chachisanu: tsiku lopita

Musasankhe pa 25 penipeni. Tsikulo m'misewu mumadzaza oledzera, njinga zamoto ndi magalimoto othamanga, ndipo mphatso yofika madzulo a Khirisimasi yachedwa kale. Pitani pakati pa 22 ndi 24, m'mawa, popeza mvula imakonda kugwa masana. Ana asapitirire asanu kapena asanu ndi mmodzi pakhomo limodzi, ndi akulu awiri, mmodzi wamayi. Kholo lililonse lidziwe kumene mwana wake akupita ndi nthawi yobwerera. Katundu akhale m'thumba kapena m'dengu lovundikira ndi chitenje. Musayende mwachionetsero, mukuimba ndi kuomba m'manja njira yonse, chifukwa mukachoka inu wolandirayo atsala ndi maso a anansi, ndipo ena adzabwera kudzapempha zomwezo mpaka zithe.

Usiku woti mawa mupita yesererani malonje. Ana ambiri a m'tauni saudziwanso mwambo umenewu, ndipo si mlandu wawo. Pofika aodire: "Odi, odi kuno!" Adikire kuyankhidwa ndi kupatsidwa pokhala. Atsikana agwade, anyamata anjute, ndipo moni uyambe kaye: "Muli bwanji, ambuya? Mwadzuka bwanji ndi mvulayi?" Katundu akhale pambali, asatchulidwe msanga. Chezani. Afunseni za kumunda, za miyendo, za Khirisimasi ya kale pamene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson. Okalamba ambiri okhala okha amatha masiku osapeza wowafunsa kanthu, ndipo mudzaona ana atatchera khutu kuposa mmene amachitira m'kalasi.

Macheza akafika pakati, mwana mmodzi amene anzake amusankha apereke ndi manja awiri. Mawu akhale ochepa: "Ambuya, ife adzukulu anu tinasonkha kanthu kakang'ono aka kuti mudyeko Khirisimasi." Asawerenge zimene zili m'thumba, asatchule mtengo, ndipo mkulu asaimirire kulalikira za umphawi. Ngati eni khomo akufuna pemphero, pempherani. Ngati ndi a chipembedzo china, musawaumirize. Chipata ali ndi Asilamu ambiri, ndipo njala ya Januwale sifunsa kumene munthu amapemphera.

Tsopano mvetsetsani ichi, chifukwa ambiri amalakwitsa pano ndi mtima wabwino. Ambuya aja adzalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kenakake: mango, nshawa zapamanja, chibwabwa, mwina dzira. Landirani. Auziretuni ana kuti alandire ndi manja awiri ndi kuthokoza. Mukanena kuti "ayi ambuya, sungani, inu ndinu osowa", mwawachotsera chinthu chimodzi chimene chimawasandutsa mwini khomo wolandira alendo, mwawasiya ali wopemphetsa. Mlendo sakana mphatso ya pakhomo.

Mafoni akhale m'thumba. Ndikudziwa kuti ena amafuna chithunzi choika pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp la mpingo, ndipo amati chimalimbikitsa ena kupereka. Koma nkhope ya nkhalamba itanyamula thumba la ufa, kapena ya mwana wamasiye atagwira nsapato, ikalowa pa intaneti situlukanso, ndipo mwanayo adzaipeza akusekedwa nayo kusukulu. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limati ubwino wa mwana uzikhala patsogolo pa chilichonse chomukhudza. Ngati mukufuna chikumbutso, jambulani ana anu akupalira kapena akulongedza katundu kunyumba. Pali chifukwa chinanso: mwana akazolowera kuti chifundo chimathera pa chithunzi, tsiku lopanda kamera sadzaona chifukwa chochitira.

Mukaona pakhomopo zinthu zoposa mphamvu zanu, monga mwana wa zipsera za kumenyedwa, mtsikana wamng'ono amene akufuna kumukwatitsa, kapena wodwala wongogona osapita kuchipatala, musafunse mafunso pamaso pa ana. Mukabwerera dziwitsani anyakwawa kapena ofesi ya Social Welfare, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Ngati ana asankha chipatala kapena sukulu

Ena adzati tipite kwa odwala. Zikatero pitani kaye nokha kukaonana ndi oyang'anira, kaya ndi ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete, ndipo mufunse zimene amalola ndi msinkhu wa ana amene angalowe. Ana aang'ono ndi bwino asalowe m'mawodi. Kumbukiraninso odikirira odwala, amene amachokera kutali n'kumaphika panja ndi kambaula. Sopo, makala, mchere ndi ufa zimawathandiza kwambiri, ndipo ana angawapatse popanda kuyandikira matenda. Akasankha sukulu za ana osaona ndi osamva za ku Magwero, dziwani kuti patchuthi ana a sukulu zogonera komweko amapita kwawo. Lankhulani ndi aphunzitsi aakulu kuti mupite sukulu zikatsegulira.

Mukabwerako

Tsiku lomwelo, musanabalalike, mlembi awerenge kope: zinalowa zingati, zinatuluka zingati, zatsala zingati. Kenaka afunseni zimene aona ndi zimene zawavuta mumtima. Mwana wina amabwerako ali duu, chifukwa n'koyamba kuona munthu wogona pamphasa yonyowa. Musamuuze kuti aiwale. Mulekeni alankhule, ndipo akafunsa chifukwa chake zinthu zili choncho, muyankheni zoona monga mwa msinkhu wake.

Athokozeni, koma musawaimike kutsogolo kwa mpingo ngati ngwazi, ndipo musawagulire mphatso yowalipira. Achenjezeninso kuti zimene aona m'nyumba ya munthu si nkhani yokasimba kumjigo kapena kusukulu. Ngati wolandira ndi mnzawo wa m'kalasi, chenjezo limeneli libwerezeni kawiri, ndipo pasapezeke wonena kuti "nsapato izo tinakugulira ndife".

Chotsala m'chitini musachigawane. Tengani kalendala, ndipo anawo alembe masiku awiri obwererako: lina pakati pa Januwale sukulu zisanatsegulire kapena Loweruka loyamba zitatsegulira, lina mu Febuluwale mwambo wa Angoni wa Nc'wala usanachitike ku Mtenguleni, pamene njala imakhala itafika pachimake. Ulendo wa mu Januwale atenge makasu, chifukwa udzu udzakhala utameranso, ndipo ngati wina pakhomo ali ndi mbewu ya kandolo, atenge mtolo akabzale mizere ingapo kuseri kwa nyumba ya ambuya. Wa mu Febuluwale atenge ufa, mchere ndi sopo monga mmene chitini chingathere. Sankhani mwana mmodzi wokhala pafupi kuti azidutsako pakati pa sabata kukaona ngati zigubu zili ndi madzi, ndipo akapeza china chachilendo azidzauza inu.